Chipsera cha Mayi wa pa Zenera

Anafika masana mvula ikuwaza, wopanda ambulera, wopanda sutikesi. Ine ndinali pazenera ndikuthirira maluwa a azakhali, ndipo ndinayamba kumuona m'kagalasi kathu kakunja kaja, kamene timaoneramo odutsa mumsewu ife tili khale m'nyumba. Anaima pamlatho nthawi yaitali, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete, akuyang'ana madzi a m'ngalande ngati wagwetseramo kanthu. Kenaka anatembenuka n'kulunjika pakhomo pathu.

Azakhali anga a Geertje ali ndi zipinda zitatu zogonetsamo alendo odzaona mzinda wa Delft, ndipo ine ndimakhala nawo, kuchipinda cha kudenga. Alendo athu amayamba atumiza uthenga kudakali miyezi, kufunsa za mapilo, za chakudya cham'mawa, za mtunda wochokera kusiteshoni. Munthu sangotulukira. Ngakhale m'bale wako weniweni amayamba wapangana nawe tsiku.

"Muli ndi malo?" anafunsa m'Chingerezi, madzi akuchucha m'tsitsi. Anali wamtali, wa zaka zopitirira makumi atatu, wa maso a munthu amene sagona bwino.

"Dzina?" anatero azakhali.

"Pryce. Alan Pryce. Ndachokera ku Canada."

"Mukhala mpaka liti?"

"Sindikudziwa."

Azakhali safunsa ziphaso, amati nkhope ndiye chiphaso. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka n'kunditembenukira, kulankhula Chidatchi osatsitsa mawu n'komwe.

"Wietske, wamuona? Katundu alibe, tsiku lobwerera alibe. Ameneyu ngati sanathawe mkazi, ndiye kuti wathawa apolisi."

"Azakhali, akukumvani!"

"Amve chiyani? Chilankhulo chathu chokhosomolachi?"

Mlendoyo ankayang'ana pansi, koma ine ndinaona ngati mlomo wake wagwedezeka pang'ono.

Masitepe a nyumba yathu ndi oimirira ngati makwerero. Mlendo aliyense akawaona amayamba waseka, kenaka amatsika chambuyo atagwira chitsulo ndi manja awiri, akuitana Mulungu wake. Bambo Pryce m'mawa mwake anatsika cham'mbali, mapazi atapingasa, mothamanga, dzanja lili m'thumba momwemo. Umu ndi mmene timatsikira ife amene tinaphunzirira kuyenda pa masitepe otere. Ndinangosunga mumtima, chifukwa ine zinsinsi ndimazikonda kuposa keke, ndipo ndinali ndisanakhalepo ndi changachanga.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba ntchito ya ulonda ku Huis Verhulst, nyumba yakale ya munthu wamalonda imene masiku ano muli zithunzi zopenta. Ndinali ndidakali pa miyezi yoyesedwa. Ena amaiona ngati ntchito yongoima, koma ine ndinailota ndili mwana, tsiku limene aphunzitsi anatibweretsa kumeneko kuchokera kwathu kumidzi, ine n'kutsalira m'chipinda china mpaka basi inatsala pang'ono kundisiya. Ndinkafuna kudzakalambira m'zipinda zimenezo, ndikumva fungo la phula la pansi ndi kulira kwa matabwa.

Mkulu wa alonda, a Zwartjes, bambo wa ndevu zaimvi ndi makiyi olira m'chiuno, anandipatsa lamulo limodzi tsiku loyamba.

"Mwana iwe, pano sitilemba anthu okonda zithunzi. Okonda zithunzi amagula tikiti. Iwe maso ako akhale pa manja a anthu. Ukaona chachilendo, dina batani la wayilesi yako yoitanira alonda anzako. Ukadina pachabe ndidzakuseka. Ukapanda kudina ndidzakuchotsa."

Anandiika m'chipinda chapamwamba chakumapeto, mmene muli zithunzi za ojambula a mumzinda muno a zaka zaposachedwa. Alendo sachedwamo. Mphamvu zawo amathera pansi, pa zithunzi za akuluakulu akalekale a makolala oyera ndi pa mbale zabuluu, akudzijambula ndi mafoni, ndipo akafika kwa ine amangofunsa kumene kuli chimbudzi.

Bambo Pryce analowa m'chipinda changa tsiku lomwelo limene ndinamuona akutsika masitepe. Mnzanga wa pansi anandiuza pambuyo pake kuti anadutsa akuluakulu onse aja osatembenuza khosi. Anandigwedezera mutu ngati sitinadyere tebulo limodzi m'mawa, n'kukhala pabenchi moyang'anizana ndi chithunzi chimodzi.

Chithunzicho chimatchedwa Mayi pa Zenera, anachijambula malemu Adriaan Molhoek. Mayi wachitsikana wavala juzi yachikasu, wakhala cham'mbali, tsitsi walimanga pamwamba moti khosi lonse lili pamtunda, ndipo akuyang'ana wina wake amene ife sitikumuona, ngati watsala pang'ono kuseka. Ndinali nditamupekera kale nkhani zambirimbiri. Tsiku lina ankadikira woyendetsa sitima yapamadzi, tsiku lina ankabisa mimba. Tsopano panapezeka munthu wina womuyang'ana kuposa ine, ndipo sindinadziwe ngati ndikuchita nsanje ndi mwamunayo kapena ndi mayiyo.

Anabweranso mawa lake, n'kubweranso. Ankakhala phee, atawerama pang'ono, maso akuyenda pang'onopang'ono pa nkhope ndi pakhosi pa mayiyo ngati munthu wofunafuna singano pa mkeka.

"Nsanja yopendekeka ija mwakaiona?" ndinamufunsa tsiku lina chipinda chitatsala ndi ife awiri. "Kapena kumene amapenta mbale? Alendo onse amayambira kumeneko."

"Mawa," anatero.

"Dzulonso munawauza azakhali kuti mawa."

"Mumandilonda, eti?"

"Ndi ntchito yanga."

"Dzuwa limalowa nthawi yanji pazenera ilo?"

"Likafuna. Mwina chakumadzulo."

"Chithunzichi chilibe galasi kutsogolo?"

"Chilibe."

"Nanga munthu akadutsa mzere uwu, pali chimene chimalira?"

Ankaloza mzere wakuda wa pansi umene alendo saloledwa kuulumpha.

"Ndimalira ndine," ndinayankha.

Anaseka, koyamba chifikireni, ndipo kuseka kwake kunamuchotsera zaka khumi. Apa m'pamene ndinayenera kudina wayilesi. M'malo mwake ndinangopezeka ndikumuuza kuti chipindachi chitsekedwa Lachisanu la sabata yotsatira, akonze denga, ndipo zithunzi zonse zikasungidwa kumdima mwina kwa zaka. Kuseka kuja kunazimirira.

Panalinso china. Makiyi a a Zwartjes akangomveka pamasitepe, bambo Pryce ankadzuka n'kukaima pazenera, kutulutsa kampango ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kumina, mpaka makiyiwo atapitirira.

Kunyumba azakhali anayamba kundiyang'ana cham'mbali.

"Tsitsi likumangidwa pamwamba bwanji masiku ano? Khosi likufuna mphepo?"

"Kukutentha kuntchito."

"Kukutentha mu Okutobala? Mlendo ndi mame, Wietske. Ukadzuka mochedwa upeza auma."

Lamulungu linali tsiku lobadwa la azakhali. Tinakankhira tebulo kukhoma n'kuzunguliza mipando monga mwa nthawi zonse, khofi ndi keke ya maapozi poyamba, timatchizi todula ndi soseji pambuyo. Panabwera abale ochepa, komanso aneba athu a Koos, amene anagulitsa nsomba pamsika moyo wawo wonse, ndi akazi awo a Trudy. Nkhani zinali zomwe zija, mawondo a a Trudy, misonkho, ndi alendo amene amaima pakati pa msewu wa njinga kujambula abakha.

Chitseko chakunja chinalira, azakhali n'kukuwa.

"Bambo Pryce! Lowani kuno, mudye keke. Lero ndakalamba."

Alendo akunja tawalandirapo ambiri pa masiku otere. Amaima pakhomo, kukweza dzanja kwa onse nthawi imodzi, kunena mawu abwino kwa mwini tsiku, n'kufunafuna pokhala. Bambo Pryce anatulutsa dzanja lija m'thumba, kugwira azakhali chanza, kenaka osaganiza n'komwe anapitirira kwa a Trudy.

"Mafuno abwino chifukwa cha aneba anu."

Anasunthira kwa msuweni wanga. "Mafuno abwino chifukwa cha azakhali anu." Anapitirira choncho mpando ndi mpando, m'Chingerezi chake chomwecho, aliyense kumufunira zabwino ngati wabadwa ndiye, monga tinaphunzitsidwira tonse tili ana. Atafika pa ine, dzanja lake linali lozizira ndipo linkanjenjemera. Ndinaona m'maso mwake kuti wazindikira chimene wachita.

A Koos anaika foloko pansi.

"Iwe Geertje," anatero m'Chidatchi, "Mkanada wakoyu anabadwira kuseri kwa msika wa nsomba."

"Usayambe, Koos."

"Ndayamba chiyani? Ndi mtundu uti wina padziko lapansi umene umazungulira nyumba yonse kuyamikira anthu amene sanachite kalikonse? Misala imeneyi ndi yathu yokha. Munthu amayamwira."

"Mwina ali ndi ulemu chabe," anatero a Trudy. "Si onse analeredwa m'bokosi la nsomba ngati iwe."

Bambo Pryce anakhala pansi n'kulandira mbale ya keke. "Ndinawerenga m'kabuku ka alendo," anauza azakhali, ngakhale panalibe amene anamufunsa m'chilankhulo chimene amati amamva.

A Koos anamwetulira, n'kunena motsitsa ngati akulankhula ndi khofi wawo. "Achimwene, zipi ya buluku yatseguka."

Munthu wosamva akanangomwetulira n'kupitiriza kudya. Iyeyu anauma khosi, maso ali pakhoma, makutu akufiira pang'onopang'ono mpaka anthu onse anaphulika ndi phwete. Anamaliza keke, kuthokoza, n'kukwera kuchipinda chake.

"Siyani mlendo wanga," anatero azakhali akupukuta misozi ya kuseka. "Bola amapukuta nsapato pakhomo."

Ine sindinaseke. Munthu wobisa chilankhulo cha mayi ake amakhala akubisa chachikulu.

Lachiwiri m'mawa, tisanatsegule, ndinawapeza a Zwartjes m'chipinda changa akuyeza mafelemu ndi tepi pokonzekera kusamutsa.

"Bwana, chithunzi ichi chili ndi mbiri iliyonse?"

Anasiya kuyeza. "Bwera kuno. Dutsa mzere, uli ndi ine. Gwada apa, kumanzere, tsaya ligunde khoma. Ukuona chiyani?"

"Palibe."

"Dikira." Anayatsa katochi n'kuunikira chopingasa. Pamenepo ndinachiona, kamzere kowonda ngati tsitsi, kochokera kunsi kwa khutu la mayiyo, kudutsa pakhosi mpaka pa juzi. "Kutsogolo sungachione ngakhale utakhala chaka. Amene anasoka anali katswiri. Chimaoneka pokhapokha kuwala kukabwera cham'mbali, ngati dzuwa lakumadzulo likalowa pazenera ilo."

"Anachita ndani?"

"Mnyamata wa sukulu, zaka khumi ndi zisanu. Kampeni kosendera mbatatesi, ka m'khitchini mwa aliyense. Papita zaka makumi awiri." Anazimitsa tochi. "Mlonda wa chipinda chino ndinali ine. Mwanayo ankabwera tsiku ndi tsiku, kukhala pabenchi iyo. Ndinkati, taonani mwana wokonda zithunzi. Mpaka ndinkamupatsa masiwiti. Tsiku limenelo ndinangotembenuka kuyang'ana panja, ndikumva kwee, ngati munthu akung'amba nsalu."

"Chifukwa chiyani anatero?"

"Mlonda safunsa chifukwa. Chifukwa ndi cha oweruza."

"Dzina lake?"

"Anali mwana, manyuzipepala sanalembe. Ine ndili nalo umu." Anagogoda pamphumi. "Analetsedwa kuponda muno moyo wake wonse, ndipo banja lake linasamuka. Bwanji ukufunsa? Waona chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinaganiza za dzanja lozizira lija, ndi kuseka kuja.

"Palibe, bwana. Chidwi chabe."

"Chidwi," anatero a Zwartjes, akukulunga tepi. "Lachisanu likadutsa bwino ndikasaina kuti ukhazikike. Usandichititse manyazi, mwana iwe."

Masiku otsatirawo ndinali ngati munthu wosenza madzi odzaza m'chidebe chopanda chivindikiro. Bambo Pryce ankabwera, kukhala, kuyang'ana. Ine maso anga sankachoka pathumba la jekete lija. Nthawi zina linkaoneka lotupa, nthawi zina lopanda kanthu. Ndikakhala kunyumba ndinkadziuza kuti mawa ndinena, ndikafika kuntchito ndinkadziuza kuti munthu wamkulu sangabwere kuchokera kutsidya la nyanja kudzamaliza zimene anayamba ali mwana. Komanso ndani wandiuza kuti ndi iyeyo? Mwina ndi wakuba wamba. Mwina ndi wolemba mabuku. Mwina anakondana ndi mayi wa m'chithunzi monga ine ndinkachitira, ndipo ine ndikufuna kumuchititsa manyazi pamaso pa anthu chifukwa chogwira anthu chanza.

Lachinayi madzulo ndikutsuka mbale, ndinatsegula kabati ya mipeni. Kampeni ka chigwiriro chofiira kanalibemo.

"Azakhali, kosendera mbatatesi kali kuti?"

"Kapita ndi makoko. Chaka chilichonse ndimataya kamodzi. Bwanji watuwa choncho?"

"Mlendo uja amalowa kukhitchini kuno?"

"Amadzatenga madzi akumwa. Wietske, ukudwala?"

Lachisanu kunacha ndi mitambo. Alendo anali ochepa, gulu la agogo a ku Spain ndi banja lina la mwana wolira. Bambo Pryce anabwera mochedwa, atameta ndevu, atavala malaya oyera pansi pa jekete. Sanandigwedezere mutu. Anakhala pabenchi, ndipo ine ndinaima pafupi ndi chithunzi kuposa masiku onse, chala chili pa batani la wayilesi.

Nthawi yotsekera itayandikira, mitambo inang'ambika. Dzuwa linalowa pazenera lakumadzulo, kuyenda pansi pa matabwa, kukwera khoma. M'chipinda tinali awiri.

Anadzuka. Anafika pamzere wakuda, kuima pang'ono, n'kuulumpha.

"Tulutsani dzanja m'thumba," ndinatero m'Chidatchi. Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana.

Sanatembenuke.

"Ndati tulutsani dzanja. Ndikudina."

"Musadine." Anayankha m'Chidatchi, cha mumzinda muno chenicheni, cha ana a m'misewu ya kuseri kwa msika, chokhala ndi mawu ena amene anzanga anasiya kale kunena. "Chonde, achemwali. Taonani."

Anatulutsa dzanja pang'onopang'ono n'kulitambasula. Munalibe kanthu. Linkangonjenjemera ngati tsamba.

"Thumbalo," ndinatero.

Analitembenuza. Munagwa tikiti ya sitima ndi kachingwe.

"Limayamba lokha ndikangoyandikira," anatero akuyang'ana dzanjalo. "Ndiye ndimalitsekera. Sindifuna kuti aliyense alione lili pafupi ndi iwo."

"Ndi ndani?"

"Ndi mayi anga."

Ndinayang'ana mayi wa juzi yachikasu, kenaka mwamunayo. Sankafanana kwenikweni, kupatula makutu.

"Ankabwera kwa Molhoek kudzajambulidwa Lachitatu lililonse," anapitiriza. "Ine ndinkawaperekeza, kukhala pakona ndi homuweki. Amene akumuyang'ana apoyo ndine. Ndinkawakwinyira nkhope kuti aseke, wojambulayo azikwiya. Chithunzi chitatha, Lachitatu silinathe, mayi ankapitabe kwa wojambulayo. Tsiku lina sanabwerere kunyumba. Kenaka mzinda wonse unkabwera muno kudzaona mkazi wa bambo anga atapachikidwa pakhoma, akumwetulira. Zinazo mwina a Zwartjes anakuuzani. Bambo ananditengera ku Canada, tinasintha dzina. Mayi ankaimba foni, ine osalandira. Anamwalira chaka chatha nthawi yozizira. Kumaliro sindinabwere."

"Ndiye mwadzatani?"

"Kudzaona pamene ndinawacheka. Ndimalota bala lotseguka. Ndabwera kuti ndilione ndi maso, koma ndayang'ana masiku onsewa, sindikulipeza. Palibe. Ngati sindinachite kanthu, ngati sindinakhalepo n'komwe. Mawa muwatsekera kumdima."

Chala changa chinali chidakali pa batani. Munthu wabodza akhozanso kulira, ndipo jekete ili ndi matumba ambiri. A Zwartjes nawonso ankapereka masiwiti. Ndinayang'ana dzuwa pakhoma, litatsala pang'ono kufika pafelemu, ndipo ndinadziwa kuti silichedwa kuchoka.

"Vulani jekete, muiponye pabenchi."

Anavula.

"Manja kumbuyo. Mukangowasuntha ndikuwa mpaka amve kumsika."

"Chabwino."

Ndinalumpha mzere. "Gwadani apa, kumanzere. Tsaya ligunde khoma. Ayi, tsikani pang'ono. Yang'anani kunsi kwa khutu."

Ndinagwada pambali pake, wayilesi ili m'manja. Kuwala kunakwera pa juzi, kufika pakhosi, ndipo kamzere kaja kanatuluka, kowonda, kowala pang'ono ngati ulusi wa kangaude.

"Ndi kameneko?" ananong'ona. "Kakang'ono choncho?"

"Anasoka bwino."

"Ndinkayesa kuti ndinadula nkhope."

"Nkhope simunaikhudze."

Anakhala choncho, manja ali kumbuyo, misozi ikutsikira pakhoma. Ine ndinaiwala kuti ndine mlonda. Ndinaiwalanso kumvetsera masitepe.

"Wietske!"

A Zwartjes anali pakhomo, makiyi atawafumbata m'manja. Anaona jekete pabenchi, mlendo atagwada mkati mwa mzere nkhope ili pafupi ndi felemu, ndi ine pambali pake. Nkhope yawo inachita mdima.

"N'chiyani chimenechi? Wayilesi yafa?"

"Bwana, ine ndimangoti..."

"Umangoti chiyani? Ndinakuonetsa malo amenewo kuti uzionetsa zibwenzi zako? Patsa kuno wayilesiyo. Yunifolomu ukasiye kuofesi."

Ndinaimirira. Ndinayang'ana pansi pa matabwa amene ndinkati ndidzakalambirapo. Ndinatambasula dzanja kuti ndipereke wayilesi.

"Musiyeni mtsikanayu, bwana." Mlendo uja anali atadzuka, manja adakali kumbuyo, akulankhula Chidatchi mokweza. "Wagwira ntchito yake. Ndinalumpha mzere ndekha. Wandivulitsa jekete, wandigwaditsa kukhoma, wandisunga pano mpaka mwafika. Akanatembenuka kuti adine, simukudziwa chimene ndikanachita."

"Inu khalani chete, bambo. Mlendo wamba sagwaditsidwa kukhoma. Ameneyu ndikumudziwa, ndi wamaloto."

"Sindine mlendo wamba."

"Musanene," ndinatero motsitsa. Akanangotuluka ngati bambo Pryce, tsiku lina denga likadzatha kukonzedwa akanadzagulanso tikiti n'kukhala pabenchi. Iye anandiyang'ana kamodzi, n'kubwezera maso kwa mayi ake, kuwayang'anitsitsa ngati munthu amene akumwa madzi asanayambe ulendo wautali. Dzuwa linali litachoka pakhosi paja.

Anayenda n'kukaima pamaso pa a Zwartjes, pamene kuwala kunkamuomba kumaso.

"Munkandipatsa masiwiti akuda amchere aja, ine osawakonda, koma ndinkalandira. Mtsikanayu wagwira munthu amene inu munalephera kumugwira. Mumuchotsa chifukwa cha zimenezo?"

Makiyi anagwa pansi. A Zwartjes sanawatole. Dzanja limene anatambasula kuti alande wayilesi yanga linatsika pang'onopang'ono, n'kundikankhira kumbuyo kwawo, ngati kuti pakufunikabe kunditeteza.

"Wayilesiyo isunge, Wietske," anatero osandiyang'ana. Kenaka kwa mlendoyo, ndi mawu osasa, "Nena ndimve. Nena wekha."

"Ndine Rutger, bwana. Rutger van der Gaag."